Chigoli cha Mlamu, Foni ya Apongozi

Mpira unalowa m'golo woyimbira, Tobiasi, ali chafufumimba pansi. Bwalo la kwa Namwiri linali munda wa mbatata kale, ndipo mizere ina sinafafanizike bwino, moti woyimbira mpira aliyense wothamanga maso ali kutsogolo ankaipeza ndi chala chachikulu. Pamene ankadzuka n'kumalavula mchenga, anthu anali atakhamukira kale m'bwalo. Amayi ankaimba nthungululu, ng'oma ikulira, ndipo Osvaldo, mlongo wa mkazi wake, anali atavula jezi akuthamanga ngati wagwa m'njuchi.

"Dzanja," anatero Haji, kaputeni wa timu ya Matemba, atamuimirira pamphuno penipeni. "Wakankha ndi dzanja ameneyu. Mwaona nokha, abwana woyimbira."

Tobiasi sanaone dzanja, sanaonenso mutu. Chimene anaona ndi nyerere.

Anali masewero omaliza a chikho cha a Bwanausi, mwini sitolo wa ku Entre Lagos, amene anaikapo chikho ndi tonde wonenepa. Timu ya Nandolo, anyamata a pamudzi pompo, inkalimbana ndi ya Matemba, asodzi a kugombe la nyanja ya Chiuta, ndipo mpaka dzuwa kupendeka panalibe amene anali atagoletsa. Wenzulo anapatsa Tobiasi chifukwa matimu onse awiri anamuvomera. A Matemba anati munthuyu ndi mkamwini chabe kwa Namwiri, kwawo ndi ku Insaca, sangakondere. A Nandolo anangomwetulira, poti ankadziwa kumene amadya.

Ankadziwanso china. Mlungu womwewo Tobiasi anali atatuma ankhoswe ake kukapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake Yunike ndi kamwana kawo Neide akakhale ku Insaca. Kumeneko anali atamanga nyumba ya njerwa zootcha pafupi ndi msika, ya zipinda ziwiri, china chogona, china chokonzeramo njinga, poti ndiyo inali ntchito yake. Njerwazo anaumba yekha, kumapalasa kupita ndi kubwera akamaliza kulima munda wa apongozi. Yankho linali loti libwera mawa lake. Pamwambo woyankha anali a Armando, mwini mbumba, koma ngakhale mwana wa kwa Namwiri ankadziwa kuti a Armando amangotsegula pakamwa, mawu amakhala a mlongo wawo, mayi Olinda, amayi ake a Yunike. Ndipo Osvaldo anali mzime wa mayi Olinda, mwana amene ndevu zili kale pachibwano koma akumusungirabe chiwindi cha nkhuku.

"Chigoli ndi chigoli, akunyadu," anatero Osvaldo kwa mlamu wakeyo akudutsa, atanyamulidwa pamapewa a anzake. "Lozani pakati tizikaotcha mbuzi."

"Palibe choloza pakati," anatero Haji. "Tinagwirizana kuti pali VAR."

Zinali zoona. A Bwanausi ankaonera mpira wa ku Ulaya m'baraka, kanyumba koonetsa kanema, ku Entre Lagos, ndipo kumeneko anaona woyimbira akuthamangira pa kanema kukaonanso zimene zachitika asanagamule. Anazikonda kwambiri. Analamula kuti pa chikho chawo pasakhale ndewu ngati chaka chatha: pakabuka mkangano woyimbira aone vidiyo, ndipo wojambula akhala iwo eni ndi chifoni chawo chachikulu ngati mbale. Tsopano anthu onse anatembenukira kwa iwo. A Bwanausi anatulutsa foniyo m'thumba, anaigogoda pabondo, anaiuzira mpweya, koma inali bii. Moto unali utathera m'gawo loyamba, iwo akudzijambula atanyamula chikho, kenako atagwira mbuzi, kenako atanyamula chikho ndi dzanja lina.

Mtima wa Tobiasi unakhala pansi pang'ono. Popanda vidiyo akanangonena zoona, kuti sanaone, chigoli n'kukhala, popanda womuloza chala. Koma m'khamu la anthu simusowa wapakamwa pachangu.

"Mayi Olinda ajambula," anatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "Akhala kuseri kwa golo chiyambire."

Anzake anamuyang'ana moti akanatha kumumeza, koma mawu anali atatuluka kale. Mayi Olinda analidi pa mpando wawo kuseri kwa golo, foni ili m'manja. Anawagulira ndi mwana wawo wamkulu, Cláudia, wokhala ku Nampula, ndipo masewero aliwonse ankajambula Osvaldo kuti amutumizire. Mpira sankautsata iwo, ankatsata mwana.

Apa ndi pamene panagona vuto. Chikwatirire, Tobiasi anali asanayang'anepo apongozi ake kumaso, ndipo anali asanayankhulanepo ngakhale liwu limodzi. Kwa Namwiri mwambo umenewu amaugwira zolimba. Akakumana panjira, iye ankakhotera m'tchire n'kunyonyomala, iwo n'kufunda kapulana, chitenje chawo, kumutu n'kudutsa. Tsiku lina anakhotera pa chitedze, anadzikanda mlungu wonse, koma ulemu anapereka. Mawu onse ankadzera mwa Yunike, ngakhale moni wam'mawa.

"Abweretse foniyo kuno, nkhani ithe," anatero a Bwanausi.

Yunike, mwana ali kumbuyo, anapita kukagwada kwa amayi ake, ndipo anabwerako akupukusa mutu.

"Akuti foni sichoka m'manja mwawo. Anabwerekapo Osvaldo tsiku limodzi, inabwera zithunzi za ukwati wa Cláudia zitafufutika, mutadzaza nyimbo zokhazokha. Ndiponso imatseguka ndi chala chawo chokha, ikangokhala pang'ono imadzitseka."

"Ndikaone ineyo," anatero Haji. "Si apongozi anga."

"Iwe ukaona dzanja ngakhale akuonetse ng'ombe," anayankha wina wa Nandolo. "Ndipite ine."

"Iwe sukaona dzanja ngakhale likumenye khofi," anatero Haji.

A Bwanausi anakweza chifoni chawo chakufa chija kuti anthu akhale chete. "Ku Ulaya amaona ndi woyimbira yekha. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ku Ulaya kanemayo sagwira apongozi ake," anatero Tobiasi chapansipansi, koma palibe amene anamuthandiza.

Amayi achikulire a m'mudzimo anapatuka n'kunong'onezana kwa kanthawi, mpaka anapeza njira yoti mpira uyende ndipo mwambo usapunduke. Awiri anatambasula kapulana n'kuigwira m'mbali ngati nsalu yotchinga ya kuchipatala, mayi Olinda mbali ina, Tobiasi mbali ina. Mayi Olinda anatulutsa mkono pansi pa nsaluyo, foni ili m'dzanja. Tobiasi anayenda chogwada, kabudula wakuda ali m'thupi, wenzulo ikulendewera m'khosi, mpaka anafika pa mkonowo n'kuuwombera m'manja mwaulemu. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ngakhale a Matemba, ndi mkwiyo wawo womwewo, anaseka nawo, poti apongozi ali nawonso kwawoko.

Dzuwa linkawala pa galasi, Tobiasi osaona kanthu. Anamufunditsa kapulana ina kumutu, iye ndi mkonowo mkati. Munali kafungo ka utsi ndi sopo, ndipo thukuta linkamuyenderera mpaka m'makutu.

"Mayi a Neide," anaitana ali m'katimo, "auzeni mayi kuti foni yadzitseka."

"Akuti foni yadzitseka, amayi," anatero Yunike, ngakhale mayi Olinda anali atamva bwinobwino, poti pakati pawo panali nsalu chabe.

"Uwauze kuti ndamva."

"Akuti amva."

Chala chinayenda, foni inayaka. Koma mwini chala sankaona chimene akudina. Poyamba panabwera kwaya ya amayi a kutchalitchi. Kenako nkhuku yofungatira mazira. Kenako munda wa chimanga, udzu utafika m'mawondo. Tobiasi anauzindikira mundawo, anazindikiranso mawu amene anatuluka m'foni: "Taona wekha, Cláudia, malimidwe a mlamu wako. Mizere ngati walima munthu wothawa mvula." Chala chinadumpha msangamsanga.

"Mwaona chiyani, abwana?" anafunsa Haji ali kunja.

"Tikufufuza," anayankha Tobiasi.

Kenako inabwera vidiyo yeniyeni. Mayi Olinda, kaya anali ndi zovuta zina zotani, dzanja lojambula anali nalo. Zonse zinkaoneka bwino zedi. Mpira unachokera kukona, Osvaldo analumpha, mutu unaphonya, ndipo dzanja lamanzere linatuluka n'kuukankhira m'golo, chikhatho chonse, ngati munthu wokankha chitseko. Panalibe zoti mwina phewa, mwina chifuwa. Tobiasi anadina yekha kuti aonenso, poganiza kuti mwina kachiwiri dzanjalo lichita manyazi. Linatulukanso.

"Mwaona?"

Mawuwo anali apansipansi, ndipo sanadzere mwa Yunike. Yunike anali atasuntha kukabweza anthu amene ankapanikiza nsalu. Tobiasi anauma thupi lonse. Zaka zonsezi, ndiye mawu oyamba a apongozi ake kwa iye abwere atafunda kapulana, msana atalozetsa kwa anthu a midzi iwiri.

"Ndaona, mayi."

"Inenso ndinaona." Mayi Olinda anapitiriza monong'ona. "Ndamva kuti nyumba ija ya ku Insaca mwaika kale zitseko."

"Eya, mayi."

"Akuti ndi zitseko zabwino. Zingamvetse chisoni kuzisiyira chiswe."

Mkono unabwerera kumene unachokera, ndi foni yomwe.

Tobiasi anakhalabe m'nsalumo. Anachita mantha, ndipo sanadzinamize kuti si mantha. Vidiyoyo anaiona ndi iye yekha, ndipo mwini foni sakanaionetsanso munthu wina mpaka kufa. Anaganiza za njerwa zija. Anaganiza za Neide kudzakula sukulu ili pafupi, ndi za kudzuka m'mawa pakhomo pakepake, osayamba wasuzumira pazenera ngati apongozi ali panjira ya kuchimbudzi. Mbuzi imodzi inali chiyani poyerekeza ndi zimenezi? Asodzi ali ndi nyanja yonse. Anachotsa nsalu kumutu atagamula kale mumtima: aloza pakati, chigoli chikhale.

Analowa m'bwalo anthu ali zii. Haji anali atapinda manja, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Goloboyi wa Matemba, bambo wa imvi amene anabwera mochokera ku maukonde osagona, anali atakhala pansi akumanga nsapato yong'ambika ndi chingwe, osayang'ana munthu. Tobiasi anatembenuza nkhope kuti asamuone, ndipo potembenukapo maso ake anagwera pa Osvaldo. Osvaldo anamutsinzinira diso, anakweza pang'ono dzanja lamanzere lija, n'kulipsompsona.

Tisamusandutse Tobiasi mngelo. Chilungamo chinalipo, inde, koma chimene chinamukwera m'mutu nthawi imeneyo ndi njinga yake, imene Osvaldo ankaitenga osapempha n'kuibweza matayala onse ataphwa. Chinamukwera ndi madzinja onse amene iye ankapalira munda wa apongozi mlamu wakeyo ali gone pakhonde akumvera wailesi, ati akusunga miyendo ya mpira. Ndiye lero amutsinzinire diso ngati amabera limodzi? Anangozindikira waliza wenzulo. Anajambula bokosi m'malere ndi zala ziwiri monga a Bwanausi anamuphunzitsira, n'kumenya dzanja lake lamanzere.

"Chigoli palibe. Wagwira."

Zimene zinatsatira sitinena zonse, poti mawu ena sabwerezedwa pagulu. Mayi wa zitumbuwa uja anasenza dengu lake n'kuchoka asanagulitse theka. A Bwanausi okha ndi amene anasangalala kwenikweni, akuuza aliyense kuti ngakhale ku Ulaya zimatero, anthu amatukwana. Masewero anathera ku mapenate, ndipo Osvaldo, mtima uli m'mwamba, anamenya yake mpira n'kukagwera kuseri kwa tchalitchi. Mbuzi inapita kugombe itamangidwa pa njinga, ikulira njira yonse. Tobiasi anabwerera kunyumba kudzera m'minda, jezi yakuda ataivula n'kuipanira m'khwapa.

Yunike anamuikira madzi osamba ozizira, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Bambo a Neide, njerwa zonse zija munaumbira ndani?"

"Anagwira, mayi a Neide."

"Ndani sakudziwa kuti anagwira? Mudzi wonse unaona kuti anagwira. Ine ndinaona ndili ndi mwana kumbuyo. Anthu amafuna munthu mmodzi yekha woti asaone, ndipo inu munagwa pansi pa nthawi yake bwinobwino. Mulungu anakuthandizani. Chinakudzutsani n'chiyani?"

Tobiasi ananyamula ndowa n'kulowa kubafa. Anasamba madzi ozizirawo chisoni chitamugwira kwenikweni, poti ankadziwa kuti nyumbayo Yunike ankaifuna kuposa iye. Mkaziyo anali atatopa ndi kuyenda pakati pa makomo awiri atasenza mawu a eni ake, mwinanso kuwatsuka panjira asanawafikitse.

M'mawa mwake anali pakhonde akumata chubu cha njinga pamene anamva odi. Anakweza maso n'kuona mayi Olinda akulowa pabwalo, kumutu opanda chofunda, maso ali pa iye. Anataya chubu n'kuyamba kuzembera kuseri kwa nkhokwe.

"Bwererani, bambo. Mukuthawa chiyani? Tinayankhulana kale dzulo, manyazi anathera kumpira kuja."

Anakhala pa mpando wa Tobiasi, iye n'kukhala pa chipika. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi, ndipo anadabwa kupeza kuti ndi nkhope ya Yunike yomweyo, ya masiku amene wakwiya. Yunikeyo anaima pakhomo, ntchito yake yonyamula mawu itatha mwadzidzidzi, osadziwa poika manja.

Mayi Olinda anali ndi mawu osunga a zaka zambiri, ndipo anayambira pachiyambi penipeni. Ananena za mizere yokhota. Ananena za denga la khitchini yawo limene iye anafolera, loti limadontha pa mafuwa penipeni. Ananena za mlamba umene anawatumizira chaka cha ukwati, woti unali waung'ono kuposa umene anatumizira a Armando, ndipo iwo anakayeza okha. Ananenanso kuti amayetsemula mokweza kwambiri, nkhuku zawo zimadzidzimuka. Tobiasi ankangoti "eya, mayi," akuyang'ana chubu chake pansi, ndipo anayamba kumvetsa kuti amene anayambitsa mwambo wothawana uja anali mkamwini.

Kenako mawu awo anatsika.

"Lero kumjigo ndapereka moni, palibe wondiyankha. Chidebe changa achikankhira kumapeto kwa mzere, ine wa m'komiti ya mjigo womwewo. Akuti foni yanga ndi imene yapereka mbuzi kwa asodzi. Akuti ndikanangonena kuti yatha moto ngati ya a Bwanausi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. "Osvaldo wakana phala. Akuti ndi mayi wanji wojambula mwana wake akulakwa. Ine ndimadziwa kuti atulutsa dzanja?"

"Pepani, mayi."

"Pepani wanuyo sanditungira madzi." Anadzuka n'kumanga bwino kapulana m'chiuno. "Mkazi wanu mtengeni. Achimwene a Armando ndawauza kale, abwera masana kudzavomera. Munthu ngati inu sangakhale m'mudzi muno, mutithera mbuzi."

Tobiasi anayang'ana Yunike, Yunike anagwira pakamwa. Tobiasi anadzazidwa ndi chimwemwe. Anatsika pa chipika chija, anagwada, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Musafulumire kuwomba," anatero mayi Olinda. "Zipinda akuti ndi ziwiri. Chinacho musaikemo njinga. Ine sindikhala pamalo poti anthu sandiyankha moni, ndipo amene mwandiika m'mavuto amenewa ndinu. Ndikakhala kwanuko mpaka anthu aiwale. Poti tsopano timayankhulana, sipakhala chovuta. Zina sindinamalize."

Anatuluka pabwalo akuyenda pang'onopang'ono, foni itamangidwa pa nsonga ya kapulana. Tobiasi anatsala chogwada, manja ali m'malere, mpaka mawondo anayamba kupweteka.

"Mayi a Neide," anaitana, "anthu a kwanu kuno amachedwa kuiwala?"

Yunike anali atalowa kale m'nyumba, akupinda zovala n'kumaimba chapansipansi.

"Zimatengera munthu," anatero. "Woyimbira wina anawakanira chigoli amalume a Armando chaka chimene othawa nkhondo anabwerera kuchokera ku Malawi. Woyimbirayo wamwalira chilimwe chathachi."

"Ndiye anakhululukirana?"

"Kumaliro sanapite."

Tobiasi anatola chubu chake, anamaliza kumata, n'kupopa tayala. Masana a Armando atabwera kudzanena mawu awo n'kubwerera, iye anapalasa ulendo wa ku Insaca, kukafunsa kalipentala ngati angakhome bedi lina.